Njati ndi mkango pa sikelo: kodi chakudya ndicho chimagawa mphamvu?

Ku South Luangwa, kummawa kwa Zambia, oyendetsa alendo okaona nyama amayenda maso ali m'mitengo. Akangoona miyendo ya nswala ikulendewera panthambi, amadziwa kuti kambuku sali patali. Kambuku wamphongo wa kuno kumwera kwa Africa amalemera makilogalamu 60 kapena kupitirirako, wamkazi kawirikawiri safika 45, pamene nswala yaikulu imakhala pakati pa 40 ndi 70. Ndiye kuti amaluma pakhosi katundu wolemera ngati iye mwini, n'kukwera naye thunthu loima chilili, zikhadabo zokha zikugwira khungwa. Sachita izi podzionetsera ayi. Pansi pali afisi, ndipo fisi mmodzi yekha atha kumulanda nyama imene waibisalira usiku wonse.

Munthu akaona zimenezi sachedwa kugamula kuti mphamvu ili m'kudya nyama. Wina amamuyankha pomwepo: nanga njovu yozula mtengo ndi mizu yomwe ija inadyapo nyama liti? Nanga njati imene imaponya mkango m'mwamba ndi nyanga? Nanga ng'ombe zokoka ngolo? Mkangano umenewu mukaumvetsera bwino mupeza kuti si wa nyama zakutchire kwenikweni. Ndi wa mbale yathu. Wina akufuna kutsimikiza kuti popanda ndiwo za nyama munthu sangalimbe, winayo akufuna kutsimikiza kuti zomera zokha n'zokwana, ndipo onse awiri amaitana zilombo kuti ziwachitire umboni.

Umboni ulipo ndithu, chifukwa asayansi ayeza minofu, nsagwada ndi liwiro la nyama zimenezi. Koma sukomera mbali imodzi. Chimene chimalamula koposa kuti nyama ikhale yamphamvu poyerekeza ndi kulemera kwake ndi kukula kwa thupi. Chakudya chimabwera pambuyo, ndipo ntchito yake si kuthira mphamvu mumnofu monga ambiri amaganizira. Chimasintha kamangidwe ka thupi, komanso mtundu wa ntchito imene thupilo liyenera kugwira kuti lidye.

Thupi likamakula, mphamvu imatsalira m'mbuyo

Mnofu uli ngati chingwe. Kulimba kwa chingwe kuli m'kunenepa kwake. Cha mamita khumi sichikoka katundu wolemera kuposa cha mita imodzi ngati zonse zanenepa mofanana. Mnofu nawonso mphamvu yake imadalira kukula kwa pamene mungaudule mopingasa. Ukayezedwa motere, mnofu wa mbewa, wa mbuzi, wa mkango ndi wa munthu umakoka moyandikana kwambiri: makilogalamu awiri kapena atatu pa kachigawo kalikonse ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Palibe mnofu wapadera wa zilombo zolusa umene umakoka kasanu kapena kakhumi kuposa wa nyama zodya msipu.

Tsopano tengani mbuzi ya makilogalamu 30 m'maganizo mwanu, muikulitse kawiri mbali zonse: msinkhu kawiri, utali kawiri, kunenepa kawiri. Pamene mungadule mnofu mopingasa paja pakula kanayi, ndiye mphamvu yawirikiza kanayi. Koma kulemera kwa thupi kwawirikiza kasanu ndi katatu, kwafika makilogalamu 240. Ngati mbuzi yoyamba ija inkanyamula makilogalamu 30, ofanana ndi thupi lake, yaikuluyi inyamula 120, amene ndi theka chabe la thupi lake. Mphamvu yachuluka, koma pa sikelo yafooka. Galileo Galilei wa ku Italy anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1638, mpaka anajambula fupa laling'ono pambali pa fupa lonenepa modabwitsa limene nyama yaikulu ikanafunikira kuti isathyoke ndi thupi lake lomwe.

Lamuloli limaonekera bwino pa anthu onyamula zitsulo. Mu 1988, pa masewera a Olimpiki ku Seoul, Naim Süleymanoğlu wa ku Turkey, munthu wamfupi wolemera makilogalamu 60, anakweza makilogalamu 190 pamwamba pa mutu wake, kupitirira katatu kulemera kwa thupi lake. Mu 2021 Lasha Talakhadze wa ku Georgia anakweza 267 mwa njira yomweyo, zimene munthu wina aliyense anali asanazichitepo pampikisano. Koma iye ankalemera kupitirira 180, ndiye kuti ananyamula thupi lake kamodzi ndi theka basi. Onsewa ndi anthu, kadyedwe kawo sikasiyana ngati ka mkango ndi njati. Chasiyana ndi kukula.

N'chifukwa chake katswiri pa mpikisano woterewu si mkango, si njovu. Ndi kachikumbu ka m'banja la chitutamanyi, kotchedwa Onthophagus taurus, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kamene kamakumba mauna pansi pa ndowe. Mu 2010 Rob Knell wa ku London ndi Leigh Simmons wa ku Australia anatiyeza mwa njira yosavuta. Ankamata ulusi pamsana pa kachikumbu, n'kukalowetsa m'kauna kochita kupanga. Kumapeto kwa ulusiwo ankamangako kachitini, n'kumadonthezeramo madzi pang'onopang'ono mpaka kachikumbuko katazuka m'kaunamo. Kamphamvu kuposa tonse kanalimbana ndi katundu wolemera kuwirikiza ka 1,141 thupi lake. Munthu wa makilogalamu 70 kuti afanane nako ayenera kulimbana ndi matani 80. Ndiye kachikumbu aka chakudya chake ndi ndowe, ndipo mphamvu yonseyo si yosakira chakudya. Tamphongo timakankhana ndi nyanga m'mauna polimbirana takazi, wolephera amatulutsidwa kunja. Ofufuzawo anaonanso kuti timene tinadyetsedwa moperewera mphamvu yake inatsika. Kudya mokwanira kunali ndi kanthu, koma mtundu wa chakudya suli pa mndandanda wa onse awiri okangana aja.

Kumapeto enawo kuli njovu. Yamphongo imafika matani 6, ndipo tikamawerenga makilogalamu okha palibe nyama ya pamtunda yoiposa mphamvu. Koma poyerekeza ndi thupi lake ili m'gulu la zofooka. Singadumphe, ndipo ngakhale ikuthamanga phazi limodzi limakhala lili pansi nthawi zonse. Miyendo yake imaima yowongoka, yosapinda kwambiri, kuti mafupa ndiwo anyamule thupi, minofu ipumeko. Mphaka amayenda atapinda miyendo, wokonzeka kulumpha nthawi iliyonse, chifukwa minofu yake ili ndi mphamvu yotsala. Njovu itayesa kuima choncho singakhalitse.

Choncho kutenga kambuku wa makilogalamu 60 n'kumuyerekeza ndi njati ya 700, kenako n'kunena kuti kambuku wapambana chifukwa amadya nyama, n'kulakwitsa masamu. Wapambana chifukwa ndi wochepa. Ndipo nyama zikuluzikulu zonse za pamtunda, njovu, chipembere, mvuu, kadyamsonga, n'zodya zomera, choncho gulu lawo limaoneka lofooka pa sikelo mpikisano usanayambe n'komwe.

Mimba nayo imakwera sikelo

Aliyense amene anathandizapo kusenda mbuzi pa chinkhoswe kapena pa Khirisimasi anaona mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi maso ake. Mukang'amba pamimba, chifu chimatuluka chotentha, chofufuma, cholemera m'manja. Wotumidwa kukachikhuthula amapita atachinyamula ndi manja awiri, pobwera chatsala chopepuka chokwana m'mbale imodzi. Matumbo nawo mukamawawongola amapitirira mamita 20. Ogula mbuzi zoyenda amadziwa kuti ya makilogalamu 30 ikasendedwa, kuchotsa mutu, chikopa ndi zam'kati, imatsala theka kapena kuchepera apo, mafupa ali momwemo.

Pa ng'ombe zimaposa apa. Chifu chake chachikulu chimatha kusunga malita opitirira 100 a udzu wonyowa umene ukuwira, ndipo minofu yeniyeni imangokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa ng'ombe yamoyo. Mkango ulibe mtolo umenewu. Matumbo ake ndi aafupi, chifu ndi chimodzi, chimalandira makilogalamu 30 a nyama tsiku limene kwagwa, kenako n'kukhala chopanda kanthu masiku angapo. Mikango imene inasendedwa n'kuyezedwa inapezeka kuti minofu yake ikuyandikira 60 peresenti ya thupi lonse.

Apa zilombo zolusa zili ndi mwayi weniweni, ndipo sitiyenera kuubisa. Pa kilogalamu iliyonse ya thupi, mkango uli ndi mnofu wochuluka kuposa ng'ombe kapena njati. Koma chifukwa chake n'chakuti nyama imagayika msanga m'mimba yaing'ono, pamene udzu umafuna malo aakulu ndi nthawi yaitali. Si kuti mnofu womangidwa ndi nyama ndi wolimba kuposa womangidwa ndi udzu.

Ndiponso malirewa si okhwima. Mahatchi ampikisano a mtundu wa Thoroughbred minofu yawo imapitirira theka la thupi, kuyandikira 55 peresenti, pamene agalu wamba amakhala cha pa 44. Apa wodya udzu waposa wodya nyama. Agalu ampikisano a greyhound ndiwo amafika 57. Kutsidya linalo kuli kanyama ka ku America kotchedwa sloth, kodya masamba, kolendewera m'mitengo, kamene minofu yake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi, chifukwa masamba amatenga masiku ambiri m'mimba mwake. Hatchi ndi sloth onse timawati odya zomera, koma matupi awo sanapangidwire ntchito imodzi.

Zimene makolala a ku Botswana anaonetsa

Kuti funsoli liyankhidwe mwachilungamo pamafunika kuyerekeza mlenje ndi nyama imene amaisakadi, kumalo kumene onse amakhala. Izi n'zimene Alan Wilson ndi anzake a ku Royal Veterinary College ya ku Britain anachita kumpoto kwa Botswana, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Kwa ine kafukufuku ameneyu ndiye woyenera kuyambirapo aliyense wofuna kutsutsana pa nkhaniyi. Anaveka makolala mikango, mbidzi, nswala ndi akakwiyo, amphaka aliwiro aja ena amangowatcha chita. M'makolalamo munali GPS ndi timakina toyeza kusuntha kulikonse kwa thupi, ndipo anajambula maulendo masauzande a kuthamanga. Nyamazo zili chigonere ndi mankhwala ogonetsa, ankadulako kachidutswa ka mnofu wa mwendo wakumbuyo, n'kukayeza timaulusi take kamodzikamodzi mu labotale.

Anaika mkango pambali pa mbidzi, kakwiyo pambali pa nswala. Pawiri ponsepa timaulusi ta mlenje tinaposa ta wosakidwa ndi 20 peresenti pa mphamvu yotulutsa ntchito mwachangu. Pa kunyamuka mwaliwiro mlenje anaposa ndi 37 peresenti, ndipo pa kuchepetsa liwiro mwadzidzidzi ndi 72 peresenti. Ndiye amene amati zilombo zolusa n'zamphamvu kuposa nyama zimene zimadya sakunama. Kungoti 20 peresenti si kawiri, si kakhumi. Ndipo panali chinanso: kakwiyo ndi nswala, onse awiri, anaposa mkango ndi mbidzi pa liwiro, pa kunyamuka ndi pa kukhota. Nswala yodya msipu inaposa mkango. Kuchepa kwa thupi kunagonjetsanso chakudya.

Nanga n'chifukwa chiyani mlenje ayenera kukhala ndi mphamvu yoposerako? Wothawa ndiye amasankha njira. Wothamangitsa amayamba waona kumene mnzake wakhotera, kenako n'kutsatira, choncho nthawi zonse amakhala wochedwa ndi phazi limodzi, ndipo phazi limenelo ayenera kulibweza ndi mphamvu. Nswala ikathamanga liwiro lake lonse mowongoka, kakwiyo amaipeza. Iye anayezedwapo kutchire akuthamanga makilomita 93 pa ola. Koma nswala ikachepetsako liwiro n'kukhota mwadzidzidzi mlenje atayandikira, mwayi wake wopulumuka umakula. Mlenje wofanana mphamvu ndi nyama yake angafe ndi njala. Ngakhale ndi mwayi umene ili nawowu, mikango ikayamba kuthamangitsa nyama nthawi zambiri imabwerako chimanjamanja.

Mphamvu ilinso ndi pokhala pake m'thupi. Gwirani mwendo wakutsogolo wa mphaka wa pakhomo: umatembenuka, chikhatho chimatha kuyang'ana m'kati, zala zili ndi zikhadabo zobisika. Mkango ndi kambuku miyendo yawo ndi yomweyo, koma yodzaza minofu kuyambira m'mapewa mpaka kumunsi. Ndi miyendo yokumbatira, yogwetsa, yokwera. Tsopano onani mwendo wa ng'ombe. Amene amaphika mang'ina amadziwa kuti kumunsi kuja kulibe mnofu. Kuli fupa, minyewa ndi chikopa, n'chifukwa chake mang'ina amafuna moto wa maola ambiri. Minofu yonse ili kumtunda, m'ntchafu ndi m'matako, ndipo minyewa yaitaliyo imasunga mphamvu phazi likaponda pansi n'kuibweza ponyamuka. Mwendo wotere ndi wopepuka kumunsi, wosatopetsa kuuponya kutsogolo, koma sungagwire kanthu. Mukati mpikisano ukhale wokweza katundu mumtengo, nswala yalephera isanayambe, osati chifukwa chosowa mphamvu koma chosowa chogwirira. Mukati ukhale wolumpha, nswala yomweyo imafika mamita 3 m'mwamba ndi 10 kutsogolo. Mbidzi ikaponya mwendo kumbuyo imatha kuthyola nsagwada ya mkango, ndipo mkango wothyoka nsagwada masiku ake amakhala owerengeka. Kadyamsonga akamenya bwino amapheratu.

Pali mtundu wina wa mphamvu umene anthu okonda kusirira zikhadabo amauiwala: kupirira. Gulu lomwelo la ofufuza, motsogozedwa ndi Nancy Curtin, linatsatira nyumbu za ku Makgadikgadi, dera louma ndi lotentha ku Botswana komweko. Nyumbuzo zinkayenda mpaka makilomita 80 m'masiku asanu osamwa madzi. Mnofu wake utayezedwa unapezeka kuti umasandutsa pafupifupi 63 peresenti ya mphamvu imene wagwiritsa ntchito kukhala kuyenda kwenikweni, yotsalayo ndiyo imatayika ngati kutentha. Wa ng'ombe unali pa 42. Mnofu wosatentha kwambiri sufuna madzi ambiri oziziritsira thupi, ndiye nyumbu imafika kumsipu wakutali n'kubwerera kumtsinje ili moyo. Mkango sungayese zimenezi. Mtima wake ndi waung'ono, pafupifupi theka la peresenti imodzi ya thupi, umathamanga mamita mazana ochepa n'kupuma wefuwefu, ndipo umatha maola ofika 20 patsiku uli gone. Komatu izi si za odya nyama onse. Fisi mtima wake ndi waukulu pafupifupi kawiri poyerekeza ndi thupi, ndipo iye ndi mimbulu amagonjetsa nyama poitopetsa pa mtunda wautali.

Ng'ombe za ngolo ziyenera kumvedwa bwino, chifukwa zimatchulidwa kawirikawiri pamkanganowu. Ng'ombe ziwiri zikamakoka matumba khumi a chimanga a makilogalamu 50, theka la tani, sizinanyamule theka la tani. Katundu wanyamulidwa ndi matayala. Chimene ng'ombe imatha kukoka kwa maola anayi kapena asanu osadzivulaza ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake: ya makilogalamu 300 imakoka ndi mphamvu ya makilogalamu 30. Chiwerengerochi chimaoneka chaching'ono, koma ulemu wa ng'ombe uli pakuti imachita zimenezi lero, mawa ndi mkuja, nyengo yonse yolima. N'chifukwa chake mwini ngolo akapakira mopyola muyeso, kapena matayala akaphwa, kapena njira ikakhala ya mchenga, ng'ombe imagwada ngakhale ili yonenepa, ndipo chikwapu sichisintha kanthu. Hatchi nayonso chimodzimodzi. Muyeso wa horsepower, kutanthauza mphamvu ya hatchi imodzi, umene katswiri wa makina James Watt anaukhazikitsa ndi wa ntchito ya tsiku lonse, koma pa mpikisano wokoka ku Iowa, ku America, mu 1925, mahatchi anaonetsa kuti kwa masekondi ochepa imodzi imatha kufika pafupifupi ma horsepower 15. Nyama imodzi yomweyo ili ndi miyeso iwiri, ndipo wofunsa kuti yamphamvu ndi iti ayenera kunena kaye kuti kwa masekondi kapena kwa maola.

Nsagwada ndi nyanga

Pa kuluma, ambiri amayembekeza kuti odya nyama apambana popanda mpikisano. Mu 2005 Stephen Wroe wa ku Australia ndi anzake anayeza zigaza za zilombo zambiri n'kupanga muyeso wochotsa kukondera kwa kukula, woti 100 akhale mphamvu yoyembekezeka kwa nyama ya msinkhu umenewo. Mkango unapeza 112, fisi wamawanga 117, kambuku 94. Mmbulu, galu wamtchire uja amene anabwezeretsedwa ku Liwonde ndi ku Majete mu 2021, unapeza 142. Woposa onse amoyo anali Tasmanian devil, kanyama ka makilogalamu khumi okha ka pachilumba cha Tasmania, ndi 181. Chimene chinaonekera n'chakuti zilombo zopha nyama zazikulu kuposa izo zomwe ndizo zimaluma mwamphamvu kuposa msinkhu wawo. Patapita zaka ziwiri, Wroe ndi Per Christiansen atakulitsa mndandandawo, pamwambamwamba panapezekanso panda wa ku China, chimbalangondo chimene chakudya chake pafupifupi chonse ndi nsungwi. Kuswa nsungwi tsiku lonse kumafuna nsagwada zosasiyana ndi za woswa mafupa.

Ng'ona ndiyo inapereka phunziro lomveka kuposa onse. Gregory Erickson wa ku Florida ndi anzake analumitsa kachipangizo koyezera mitundu yonse 23 ya ng'ona imene inkadziwika, ndipo mu 2012 analengeza kuti ng'ona ya m'madzi amchere inaluma ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 1,700. Koma atayerekeza mitundu yonse anapeza kuti ya mlomo wautali yodya nsomba ndi ya mlomo waukulu yogwira nyama zikuluzikulu, pafupifupi zonse zimaluma molingana ndi kulemera kwa thupi. Ukadziwa kulemera kwa ng'ona wadziwa kuluma kwake.

Nsagwada za odya msipu zimagwira ntchito ina. Mphaka nsagwada zake zimangotseguka ndi kutseka, mano akumbuyo n'kumadula. Za mbuzi zimayenda cham'mbali, zikupera, ndipo mnofu waukulu uli patsaya. Sizinapangidwire kuluma kamodzi mwamphamvu, koma kutafuna kambirimbiri tsiku lililonse kwa moyo wonse. Ndipo mphamvu yoopsa imene timaiona pa nyama zambiri zodya zomera si ya chakudya n'komwe. Mvuu imabudula udzu ndi milomo. Mano ake ofika masentimita 50 aja ndi omenyerana ndi mvuu zinzake. Khosi la njati yamphongo ndi nyanga zokumana pamphumi zija ndi zogundirana polimbirana zazikazi, monga momwe zilili ndi kachikumbu ka m'ndowe. Mkango ukakumana ndi njati yamphongo umakumana ndi zida zimene zinanoledwa pa njati zina, n'chifukwa chake kawirikawiri pamafunika mikango ingapo kuti igwetse imodzi.

Udzu umasanduka bwanji mnofu

Funso limene limatsala m'mitima ya ambiri ndi ili: ngati mnofu umamangidwa ndi mapuloteni, ng'ombe imawapeza kuti mu udzu? Yankho lili m'chifu chodzaza chija. Ng'ombe payokha singagaye ulusi wa udzu. Amene amagaya ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabiliyoni osawerengeka, tokhala m'chifumo. Ng'ombe ntchito yake ndi kutisamalira: kutibweretsera udzu, kubzikula kwa maola ngati asanu ndi atatu patsiku kuti udzuwo ukhale wosalala, ndi kumeza malovu opitirira malita 100 tsiku lililonse kuti m'chifu musawawase mopyola. Tizilomboto tikamawiritsa udzu timatulutsa timadzi ta asidi timene ng'ombe imayamwa, ndipo timeneti ndito timapereka pafupifupi 70 peresenti ya mphamvu yake. Kenako tizilombo tomweto timatsetserekera ku chifu chomaliza n'kugayidwa, ndipo matupi ake ndiwo amapatsa ng'ombe gawo lalikulu la mapuloteni. Ngakhale zina zimene zikanatayika mumkodzo zimabwezedwa m'chifu kudzera m'malovu kuti tizilombo tipangirenso mapuloteni. Vitamini B12, amene sapezeka mu zomera, ng'ombe imamupezanso kwa tizilombo tomweti.

Njovu, mbidzi ndi hatchi zimawiritsa udzu kumapeto kwa matumbo, njira yofulumira koma yotaya zambiri. Njovu imadya makilogalamu 150 patsiku, kwa maola ofika 16, ndipo imagaya zosakwana theka. Mukaona ndowe zake ku Liwonde kapena ku Kasungu mupeza timitengo, ulusi ndi njere zathunthu. Zimene imaluza pogaya imazibweza ndi kuchuluka kwa zimene yadya.

Apa ndi pamene mkangano wa mbale yathu uja umasokonekera. Wonena kuti njovu imalimba ndi masamba, ndiye nafenso tingalimbe ndi masamba, waiwala kuti munthu alibe chifu chowiritsira udzu ndiponso alibe maola 16 otafuna. Mwana wongodya nsima ndi ndiwo zamasamba tsiku ndi tsiku sakula ngati njati, amapinimbira, ndipo iyi si nkhani yosekera. Koma wonena kuti popanda nyama palibe mphamvu nayenso walakwa. Thupi likagaya mapuloteni limawaphwanya kukhala tizigawo ting'onoting'ono, ndipo mnofu sufunsa ngati tachokera ku mbuzi, ku usipa, ku mazira, ku soya, ku nyemba kapena ku mtedza. Chofunika n'choti tikhale tokwanira ndiponso tamitundu yonse yofunikira, zimene wodya zomera zokha amazipeza posakaniza nyemba ndi chimanga, soya ndi zina, n'kupezanso B12 mwa njira ina. Kenako mnofuwo ugwiritsidwe ntchito.

Nyama yoyenera kutiyerekeza nayo si mkango kapena njovu, koma nyani wamkulu wotchedwa chimpanzi, amene thupi lake ndi loyandikana ndi lathu pa kukula ndi pa kamangidwe. Amadya kwambiri zipatso ndi masamba, n'kumasakako apusi mwa apo ndi apo. Cha m'ma 1920, John Bauman wa ku America anakoketsa anyaniwa chipangizo choyezera mphamvu, ndipo kuchokera pamenepo inafala nkhani yoti chimpanzi amaposa munthu kasanu. Nkhaniyi ikuyendabe mpaka lero. Mu 2017 Matthew O'Neill ndi anzake anayeza timaulusi tenitenito n'kupeza kuti kaulusi kamodzi ka chimpanzi sikasiyana kwenikweni ndi ka munthu. Chosiyana ndi kasakanizidwe. Mnofu uli ndi timaulusi tachangu, tokoka mwamphamvu koma totopa msanga, ndi tapang'onopang'ono, tosatopa. Pa chimpanzi magawo awiri mwa atatu ndi tachangu; pa munthu tochuluka ndi tosatopa. Zonse zitawerengedwa, mnofu wa chimpanzi unaposa wa munthu wa kukula komweko kuwirikiza ka 1.35. Iye amakwera mitengo ndi mikono, koma pansi amayenda makilomita ochepa patsiku. Amuna a mtundu wa Ahadza ku Tanzania, amene amakhalabe moyo wosaka ndi kutola zakutchire, amayenda makilomita opitirira khumi tsiku lililonse.